Mphika wa ku Chilomoni: mbiri ya kaphikidwe, zotsekemera ndi kagulidwe ka chakudya

Chilomoni ndi limodzi mwa madera akale okhala anthu mumzinda wa Blantyre. Lili chakumadzulo kwa tauni, patsinde pa phiri la Michiru, ndipo mkati mwake muli malo monga Nthukwa, Chibwana ndi Mulunguzi. Chakudya chenicheni m'makomo ake n'chomwecho cha dziko lonse, nsima ndi ndiwo. Zimene zasintha m'zaka zoposa 100 zapitazi ndi kumene chakudyacho chimachokera, muyeso umene banja limachipezera, moto wophikira, komanso malo amene shuga watenga m'moyo wa pakhomo.

Amishoni a mpingo wa Church of Scotland atafika mu 1876 n'kukhazikitsa Blantyre, anapeza midzi ya Amang'anja ndi Ayao m'mphepete mwa mapiri a Michiru, Ndirande ndi Soche. Anthu a m'midzi imeneyi ankadya zolima okha. Chimanga, chomwe kwawo ndi ku America ndipo chinalowa kuno kudzera m'njira za malonda za Apwitikizi, chinalipo kale, koma chinkalimidwa pamodzi ndi mapira, mawere ndi mchewere, mbewu zimene makolo ankadalira icho chisanabwere. Chinadzaposa zinzakezo pang'onopang'ono. Mapira akayamba kucha amafuna munthu woingitsa mbalame kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, pamene chimanga chimadziteteza ndi makoko ake. Komanso chimadyeka chikadali chachiwisi, mu Febuluwale ndi Malichi, nthawi imene nkhokwe zimakhala zitatsala pansi.

Kuti chimanga chisanduke nsima, mayi ankagwira ntchito ya masiku angapo. Ankachitongola, n'kuchikonola mumtondo, n'kupeta palichero kuti gaga achoke. Mphale ankaiviika m'madzi masiku awiri kapena atatu mpaka itafewa ndi kuyamba kafungo kowawasa, kenaka ankaitsuka, kuiyanika pang'ono, kuisinja, kuisefa, n'kuyala ufawo pamphasa kuti uume. Umenewu ndiwo ufa woyera, ndipo ulemu wa mkazi wapakhomo unkaonekera pa kuyera kwa ufa wake ndi kusalala kwa nsima yake. Ndiwo zinali za kumunda ndi kutchire: nkhwani, khwanya, chigwada, kholowa, bonongwe, chisoso, luni ndi therere. Zinkakoma ndi nsinjiro, zinkafewa ndi chidulo chotcheza paphulusa, ndipo zotsala m'dzinja ankazifutsa n'kuzimanga m'zikwatu kuti zidzathandize m'chilimwe. Mafuta ophikira kunalibe pamafuwa a anthu wamba. Alomwe amene analowa m'dziko muno mwaunyinji kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1900 anakulitsa ulimi wa chinangwa ndi nandolo m'chigawo cha kummwera, ndipo kalongonda amadziwika nawo mpaka lero.

Zotsekemera zinalipo, koma zinkayendera nyengo. Masuku ankagwa kumayambiriro kwa mvula, mango ankatsatira, nzimbe ndi misale zinkatafunidwa zikakhwima, mbatata inkakumbidwa pambuyo pa dzinja, uchi unkapezeka wina akafula njuchi. Thobwa linkatsekemera ndi chimera chokha. Mwana ankatha miyezi osalawa kanthu kozuna, ndipo palibe amene ankaona ngati akumanidwa.

Tauni itayamba kukula, ndalama inalowa m'mphika. Kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inayamba malonda ake mu 1878. Pambuyo pake panabwera masitolo a Kandodo ndi a amwenye, ndipo njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Pa nthawi ya atsamunda Amalawi ambiri ogwira ntchito m'tauni ankagona m'midzi yozungulira, n'kumalawirira wapansi. Midzi ya kutsinde kwa Michiru inali ina mwa imeneyi. Bambo ankabweretsa malipiro, nthawi zina ndi phoso la ufa, nyemba ndi mchere, koma mayi anali akadali ndi munda wake. Zakudya zatsopano zinalowa m'makomo kudzera mwa anthu atatu. Woyamba anali khukhi wa m'nyumba ya mzungu, amene anaphunzira kuphika buledi ndi masikono. Wachiwiri anali wobwerera kuchokera ku Salisbury kapena ku migodi ya ku Johannesburg, atazolowera tiyi ndi buledi m'mawa. Wachitatu anali mayi wa m'magulu a kumpingo monga Mvano, kumene kuwonjezera pa mapemphero ankaphunzitsana kusoka, kusamala ana ndi kuphika.

Njala ya 1949 inaonetsa poyera kuti zinthu zatembenuka. Mvula inadula, ndipo boma la Blantyre linali m'gulu la madera amene anakhudzidwa kwambiri. Megan Vaughan, amene analemba buku lokhudza njalayi mu 1987 atacheza ndi anthu a m'bomali, anaonetsa kuti amene anali pantchito yolipidwa anali ndi mwayi wopeza chakudya, pamene amayi osiyidwa ndi amuna awo, okalamba ndi ana ndiwo anazunzika koposa. Kuyambira nthawi imeneyo, banja la pafupi ndi tauni linadziwa kuti munda pawokha sungalipulumutse.

Mu 1964, chaka chimene dziko linalandira ufulu, bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa, ndipo Chilomoni inakhala limodzi mwa madera amene anthu ankapatsidwa mapuloti kuti amange okha nyumba, monga zinalili ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 109,000 mumzinda wa Blantyre. Wa 2018 anapeza oposa 800,000. Malo amene kale anali minda anadzaza nyumba, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse kunamangidwa zina za lendi. Mtondo unachepa ntchito chifukwa cha chigayo, chimene poyamba chinkangogaya koma kenaka chinayambanso kukonola. Mgaiwa, ufa wogaya chimanga chosakonola, unafala chifukwa sutaya kanthu ndipo sulira masiku oviika, ngakhale kuti ambiri ankauona ngati ufa wa kusukulu zogonera, wa kundende kapena wa nthawi ya njala. Pakati pa ufa woyera ndi mgaiwa panabwera ufa wokonola koma wosaviika, umene anthu amautchabe gramil potengera kampani ya Grain and Milling imene inkaugulitsa m'mapaketi.

Zaka za m'ma 1970 zinali za kugula pamwezi. Kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi mashereni mu 1971, chaka chomwechonso ADMARC inakhazikitsidwa, ndipo masitolo a PTC anayamba mu 1973. Mitengo ya zinthu zofunika inkaikidwa ndi boma. Bambo wa pantchito akalandira, ankagula thumba la chimanga la makilogalamu 90 ku ADMARC, mayi n'kupita kusitolo kukatenga shuga, mchere, masamba a tiyi a Chombe, mafuta a Covo, majarini a Stork, sopo, parafini ndi machesi zoti zifike mwezi wamawa. Si mabanja onse amene ankakwanitsa zimenezi, ndipo malipiro a anthu wamba anali otsika, koma ndondomeko yake inali yodziwika: zouma pamwezi, ndiwo patsiku.

Shuga ndiye anasintha m'mawa wa banja kuposa chinthu china chilichonse. John Buchanan ndi abale ake anayesapo kupanga shuga ku Zomba m'ma 1880, koma kwa zaka zambiri pambuyo pake shuga wa m'masitolo ankachokera kunja, ndipo wambiri anali wa ku minda ya Sena ku Mozambique. Zinasintha pamene kampani ya Lonrho inatsegula minda ndi fakitale ya SUCOMA ku Nchalo, imene inayamba kupanga shuga mu 1966. Ya ku Dwangwa inatsatira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo Illovo inagula zonsezi mu 1997. Tiyi anali atalimidwa kale ku Mulanje kuyambira 1891, koma ankalimidwira msika wa ku Ulaya. Shuga wa ku Nchalo, mtunda wosakwana makilomita 100 kuchokera ku Blantyre, ndiye anachititsa kuti tiyi akhale chakumwa cha aliyense. Kale munthu ankadzuka n'kupita kumunda, mwina atadya mkute kapena mbatata yootcha. Wa m'tauni anayamba kufuna kapu ya tiyi asanatuluke, ndipo tiyiyo amayenera kumveka shuga: masupuni atatu kapena anayi si zachilendo. Pali chifukwa chake chomveka. Kwa munthu wokagwira ganyu kapena wokayenda wapansi mpaka ku Ginnery Corner, amene mwina sadyanso kanthu kufikira madzulo, shuga wa mu tiyi ndiye mphamvu yotsika mtengo imene angaipeze msanga. Phala la mwana nalonso linasiya kukhala la mchere ndi nsinjiro zokha. Shuga anafika pokhala m'nyumba zochuluka chotere moti kuyambira 2012 anayamba kumuthira vitamini A, ngati njira yofikitsira vitaminiyu kwa ana ambiri.

Tiyi amafuna chomwera. Buledi ndi masikono a kubekale zinali za okhala ndi ndalama, choncho amayi anapanga zawo. Chigumu, chimene ena amati chikondamoyo, chimaonetsa bwino luso limeneli chifukwa chimaphikidwa popanda uvuni. Mayi amafinya nthochi zakupsa kwambiri, zija zoyamba kuda makoko, n'kuzisakaniza ndi mgaiwa, soda pang'ono, mchere, shuga ndi madzi kapena mkaka. Amapaka mafuta m'poto, kuthiramo zosakanizazo, kuchotsa makala ambiri m'mbaula kuti pansi pasapserere, n'kuwaika pamwamba pa chivundikiro. Moto wa pamwamba ndiwo umapsetsa. Akalasa pakati ndi mpeni n'kutuluka wouma, chapsa. Zitumbuwa zimafuna zinthu zomwezo, nthochi ndi ufa wa chimanga, koma zimakazingidwa m'mafuta. Mandasi amafuna ufa wa tirigu, ndipo tirigu wambiri amachokera kunja chifukwa wolimidwa ku Neno ndi ku Tsangano ndi wochepa. N'chifukwa chake mtengo wa ndasi limodzi, kapena kukula kwake, umatsatira mphamvu ya kwacha. Amayi ambiri a ku Chilomoni aphunzitsa ana ndi geni imeneyi: kukanda madzulo, kudzuka usiku kukazinga, m'mawa ndowa yoonekera mkati ili kale pamsewu kapena pachipata cha sukulu.

Nthochi, zimene kale zinkabwera zodzaza malole kuchokera ku Thyolo, zinasowa matenda a chisaka atafalikira m'minda. Matendawa anaoneka m'dziko muno m'ma 1990 ndipo m'zaka zotsatira anapululutsa minda ya ku Thekerani ndi madera oyandikana nawo, mpaka misika ya mu Blantyre inayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi ku Mozambique. Nthochi ikakwera mtengo imachepa m'chigumu, malo ake n'kutengedwa ndi shuga, ndipo kakomedwe kake kamasiyana ndi kamene akuluakulu anakulira.

Mafakitale a mumzinda anawonjezera zawo. Southern Bottlers, imene inayamba mu 1955, inatulutsa Sobo wosungunula ndi madzi, ndipo Universal Industries, ya mu 1957, inadzaza magolosale ndi mabisiketi, maswiti ndi Kamba. Kwa ana a m'ma 1970 ndi 1980 zimenezi zinali za pa Khirisimasi, limodzi ndi mpunga, nkhuku ndi buledi wopaka majarini, kapena za tsiku limene kwabwera mlendo wolemekezeka. Lero mwana wa sukulu amayembekeza kandalama ka tsiku ndi tsiku kogulira jigisi, switi kapena frizesi, ndipo nyumba imene ili ndi firiji imapanga frizesi wa malambe kapena wa bwemba n'kumagulitsa pakhomo pomwepo. Kholo limene lilibe kandalamako limakhala ndi mlandu kwa mwana m'mawa uliwonse, chinthu chimene agogo ake a mwanayo sanachidziwe.

Kugula pamwezi kunayamba kutha m'ma 1980, boma litayamba kusiya kulamulira mitengo. Mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu kwa alimi, ntchito imene inali m'manja mwa ADMARC. Mu Febuluwale 1994 kwacha inasiyidwa kuti izipeza yokha mphamvu pamsika ndipo inagwa kwambiri. Makampani ena anatsekedwa kapena kuchepetsa antchito, anthu ambiri n'kuyamba kudalira geni ndi maganyu. Wopeza ndalama patsiku amagulanso patsiku. Apa ndi pamene okala anachuluka m'tinjira tonse ta Chilomoni, ndipo katundu anayamba kuphwanyidwa m'timiyeso ting'onoting'ono. Thumba la chimanga linali litatsika kale kufika pa makilogalamu 50; pansi pake panabwera ndowa, pansi pa ndowa kabeseni, ndipo pansi penipeni kajumbo ka ufa wophika kamodzi, kamene anthu anakatcha walkman. Mafuta amayezedwa m'timapepala tomanga mfundo, shuga amagulitsidwa wokwanira tiyi wa m'mawa umodzi, makala ali m'majumbo, tomato ndi anyezi zili pamilu. Masitolo akuluakulu monga Shoprite, imene inatsegulidwa ku Chichiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, anabweretsa zakudya zamitundumitundu kwa okhala ndi malipiro abwino, koma mphika wa mabanja ambiri umadalira msika wa Chilomoni, mabenchi a m'mbali mwa msewu ndi okala ya pafupi.

Kagulidwe kameneka kali ndi chisalungamo chimene sichikambidwa mokwanira. Mafuta oyeza akaphatikizidwa mpaka kukwana lita amadula kuposa botolo la lita, ndipo ufa wa m'tijumbo umadula kuposa wa chimanga chogula pathumba nthawi yokolola. Wosauka amalipira zambiri pa chakudya chomwecho. Sachita izi chifukwa chosadziwa masamu. Ndalama yogulira chambiri nthawi imodzi sakhala nayo. Chimene okala imam'patsa, chomwe sitolo yaikulu singam'patse, ndi ngongole. Mwini okala amadziwa makolo a mwana amene watumidwa, amalemba m'kabuku, n'kudikira tsiku la malipiro.

Masamu onsewa amagwera mayi. Bambo akasiya ndalama ya ndiwo m'mawa, iye ndiye amaigawa kuti ikwane ndiwo, tomato, mafuta, makala ndi madzi a pakiyosiki, ndipo kawirikawiri amawonjezera ya geni yake osanena. Amadziwa kuti masamba amatsika mtengo chakumadzulo ogulitsa akamaopa kugona nawo, kuti wogulitsa amene wamuzolowera amaika banyira, ndi kuti kumapeto kwa mwezi zonse zimakwera. Mitengo ikasokonekera, monga zinachitikira kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kapena shuga atasowa m'masitolo kumayambiriro kwa 2024, zimene zimachotsedwa zimatsata ndondomeko yodziwika. Mkaka ndi majarini zimayamba kuchoka, buledi amalowedwa m'malo ndi mbatata kapena chinangwa, nyama imasiyidwira Lamulungu, kenaka nkhomaliro imasanduka phala kapena kudumphidwa kumene. Nsima ya madzulo ndiyo imatetezedwa mpaka mapeto. Mabanja amene ali ndi abale kumudzi, kapena amene amabwereka minda cha ku Chileka, Lunzu ndi Lirangwe, amapumako matumba akafika mu Meyi ndi Juni. Amayi ena amasonkha m'magulu a banki mkhonde chaka chonse, n'kugula shuga wa pabelo ndi mafuta a m'zigubu mu Disembala kuti agawane pa mtengo wa pikulitsa.

Moto nawo umalamula chimene chiphikidwe. Kale amayi a ku Chilomoni ankakwera m'Michiru kukatola nkhuni n'kuphika pamafuwa. Nyumba zitathinana, mbaula ya makala inatenga malo chifukwa ilibe utsi wambiri ndipo imakwana pakhonde. Magetsi alipo m'nyumba zina, koma ndi odula kuphikira ndipo amazima; mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Makala amabwera panjinga ndi pamalole kuchokera kumadera monga Neno ndi Mwanza, ndipo nkhalango ya Michiru yeniyeniyo yadulidwa momvetsa chisoni m'zaka zaposachedwapa. Nyemba zouma zimafuna maola awiri kapena atatu pamoto, choncho mtengo wake weniweni ndi wa nyembazo kuphatikiza jumbo lonse la makala. N'chifukwa chake mayi wochenjera amaziviika usiku, kapena amaziphika zambiri kuti zidyedwe kawiri, kapena amangosankha ndiwo zopsa msanga: mazira, bonya, usipa, soya pisesi, mpiru kapena repu wokazinga ndi tomato. Ndiwo zotendera, zimene zinali za tsiku ndi tsiku, zachepa m'makomo ambiri poyerekeza ndi zokazingira, ndipo ana ena amakula akuona ngati ndiwo zopanda mafuta ndi chizindikiro cha umphawi, pamene nsinjiro zili ndi chakudya chomanga thupi chimene mafuta alibe.

Nsomba zasinthanso. Chambo, chimene m'ma 1970 banja la wantchito linkatha kugula, chinachepa m'nyanja ya Malombe ndi kummwera kwa nyanja ya Malawi m'ma 1990, n'kukhala ndiwo ya apo ndi apo. Matemba a ku Chilwa amasowa nyanjayo ikaphwa, monga zinachitikira mu 1968, 1995 ndi 2018. Zimene zatsalira anthu ambiri ndi nsomba zing'onozing'ono zouma zopikulidwa ku msika wa Limbe, komanso karapao wa m'firiji wochokera kunja. Nkhuku zachizungu zabweretsa nyama pafupi ndi mabanja, makamaka chifukwa zimagulitsidwa m'zidutswa, mpaka mitu, makosi ndi mapazi.

Chilomoni ili ndi malo ake pa mbiri ya chakudya cha ana a sukulu. Bungwe la Mary's Meals, limene linayambitsidwa ndi Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland atayendera Malawi pa njala ya 2002, linaphika ena mwa maphala ake oyambirira m'dera lino, ndipo lero limadyetsa ana m'maiko ambiri. Phalalo ndi la chimanga ndi soya, la mtundu wa Likuni Phala, ndipo limaphikidwa ndi makolo odzipereka amene amalawirira kusukulu kusanache. Kwa mabanja amene alibe shuga kapena makala a m'mawa, kapu ya phala imeneyi ndiyo kadzutsa wa mwana.

Kusintha kwa kadyedwe kwabwera ndi matenda amene kale ankatchedwa a anthu olemera. Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi matenda a shuga; ambiri mwa iwo sankadziwa. M'nyumba imodzi ya ku Chilomoni mungathe kupezeka mwana wokwinimbira chifukwa chopereweredwa zakudya ndi kholo limene likulandira mankhwala a shuga ku Queen Elizabeth Central Hospital. Malangizo a kuchipatala, oti achepetse shuga, mchere ndi mafuta n'kuchulutsa masamba ndi zipatso, ndi ovuta kuwatsata kumene banja lonse limadya za mumphika umodzi ndipo mbaula ndi imodzi. Chimene mabanja ambiri amakwanitsa ndi kupatula kapu ya wodwala asanathire shuga m'ketulo ndi kum'phikira nsima ya mgaiwa. Chifukwa cha zimenezi mgaiwa wayamba kulemekezedwa ngakhale m'nyumba zopeza bwino, ndipo ena akumasakaniza ufa wa mapira kapena wa mawere m'phala ndi m'nsima, ngakhale kuti pamsika wa m'tauni mbewu zimenezi tsopano n'zodula kuposa chimanga.